Nambala Yofiira pa Kompyuta ya Ahedi

Uthenga woyamba unalowa Chitsiriza akupesa tsitsi pagalasi.

"Wadzuka bwanji, mlembi wamkulu? Lero ndi lero. Zotsatira zonse ndinazilowetsa kale, zitseguka zokha ikakwana 10 koloko. Chonde munthu asakhudze kanthu."

Anamwetulira yekha, chipeso chili m'tsitsi. "Ndamva, a Dekhani. Koma osandifunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji?"

"Ndafunsa pamwambapo. Vuto lako umawerenga mothamanga ngati bambo ako."

Kunyumba ankamutcha Chitsiriza chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka ku sukulu ya bambo ake, kumene ankagwira ntchito ya ulembi. Mnyamatayo dzina lakuti Dekhani anam'patsa ndi iye yemwe. Chaka chathachi, pamene anabwera kudzaika seva ya sukuluyo, kompyuta yosungira zonse, ndi kukonza webusaiti yake, aliyense womuthamangira ndi vuto ankamuyankha mawu amodzimodzi: "Dekhani kaye, tione." Mphunzitsi afike thukuta lili kamukamu kuti mayeso ake asowa m'kompyuta, yankho linali lomwelo. Chitsiriza anayamba ndi kumuseka, kenako anadzazindikira kuti mawuwo akumawadikira monga mmene munthu amadikirira nyimbo yake pa wailesi.

Koma ahedi, bambo ake, sankamutcha Dekhani. Kwa iwo anali "wamawaya uja".

"Munthu wopanda ntchito yokhazikika," ankatero, "wongoyenda ndi chikwama kumsana ngati mwana wa sukulu, lero ali uku mawa ali uko, adzakusunga ndi chiyani? Ndi mawaya?"

Iwo maso awo anali pa mphunzitsi wa masamu, mnyamata wosaiwala taye ngakhale dzuwa litaswa mtengo, amene ana ndi aphunzitsi omwe ankangomutcha a Masamu. Masabata awiri apitawo ahedi anagamula kuti wamawaya asapondenso pageti pokhapokha kompyuta itafa.

*

Atafika ku ofesi, Chitsiriza anapeza chitseko cha bambo ake chili chotseka, chinthu chachilendo m'mawa choncho. Anaika chikwama pansi, nayatsa kompyuta yake kuti aone webusaiti ija. Tsikulo linali lotulutsa zotsatira za mayeso olowera pasukuluyo. Ana oposa mazana anayi analemba, ndipo makolo ambiri anali kutali, akudikira kuonera pa mafoni awo. Sukulu inali italengeza paliponse kuti zituluka 10 koloko. Ndipo pa nkhani ya nthawi ahedi sankaseka ndi munthu: belu lawo linali lisanachedwepo ngakhale ndi mphindi imodzi.

Tsamba linatuluka loyera mbee. Panalibe chithunzi cha sukulu, panalibe mayina, koma manambala atatu okha pamwamba ndi timawu tachingerezi. Anayesanso. Chimodzimodzi. Anayesa pa foni. Chimodzimodzi.

Anakumbukira zadzulo masana, pamene analowa ndi makalata oti bambo ake asayine, n'kupeza a Masamu atawerama kumbuyo kwa mpando wa ahedi, akuloza pakona ya kompyuta. Pamenepo panali kabwalo kofiira, m'kati mwake muli nambala 47.

"Mukuona, ahedi?" anatero a Masamu. "Zosintha zonsezi za mapulogalamu zikudikira kuti ziikidwe mu seva, mwini ntchito ali phee. Mwana atakhala ndi zofiira chonchi m'kope mwake mungamusiye?"

Ahedi, amene anatha zaka makumi atatu akuchonga makope ndi cholembera chofiira, anapukusa mutu. "Ulesi," anatero. "Ntchito yosamaliza."

Chitseko chinatseguka. Bambo ake anatuluka magalasi ali m'manja, nkhope ili gwaa.

"Itana wamawaya uja."

"Ababa, munati asapondenso..."

"Ndinati pokhapokha kompyuta itafa. Yafa." Anabweza magalasi kumaso. "Ndipo umuuze mosapita m'mbali. Ikakwana 10 koloko makolo asanaone zotsatira, ndiye kuti iye ndi sukulu ino zatha. Iwenso umuiwale. Munthu wolephera kusamala bokosi limodzi sangasamale mwana wanga."

*

Foni inangolira kamodzi.

"Yafa," anatero Chitsiriza. "Webusaiti yafa, ndipo ababa akuti..."

"Dekha kaye. Ukuona chiyani?"

"Usandiuze zodekha lero!"

"Chabwino, usadekhe. Koma undiwerengere manambala ali pamwambapo."

Anamuwerengera.

"Ndiye kuti siyinafe, yangosokonezeka. Ndikubwera. Uime pachitseko cha chipinda cha seva, ndipo munthu asazimitse kanthu, ngakhale atakhala bambo ako."

"Ukufuna andichotse ntchito?"

"Akakuchotsa ndikulemba ine. Uzindinyamulira mawaya."

Anaseka mosafuna, misozi ili m'maso.

*

Chipinda cha seva chinali kachipinda kopanda zenera kuseri kwa laibulale, kumene kale ankasungiramo matsache ndi mabuku ong'ambika. Tsopano munali tebulo limodzi, mpando umodzi, ndi bokosi lakuda limene linkang'ung'udza usana wonse, timagetsi tobiriwira tikuphethira kutsogolo kwake.

Dekhani anafika 9 koloko itangodutsa, shati itanyowa kumsana. Anapereka moni kwa ahedi atagwira chipewa m'manja. Iwo anayankha ndi mphuno. Anapatsanso moni a Masamu, amene anali atasiya kalasi yawo kuti adzaonerere. Chitsiriza anangomuyang'ana kamodzi, ndipo kuyang'anako kunali moni wokwanira.

Dekhani anakhala pansi, natulutsa laputopu, kachipangizo kosungira zinthu, ndi kabuku kakuda kakutha m'makona. Analemba tsiku ndi nthawi m'kabukumo. Kenako analumikiza kachipangizo kaja.

"Ukutani?" anafunsa ahedi.

"Ndikukopera zonse mmene zililimu, bambo, ndisanakhudze kanthu."

"Ukukopera zowonongeka? Nthawi ikutha iwe!"

"Ndikalakwitsa pokonza, ndikhale ndi pobwerera. Chowonongeka kamodzi chimakonzeka msanga kusiyana ndi chowonongeka kawiri."

A Masamu anaseka. "Ingozimitsani n'kuyatsanso, achimwene. Ife wailesi kwathu timatero."

"Nzeru yabwino, aphunzitsi," anayankha Dekhani maso ali pa laputopu. "Koma wailesi yanu sinasunge mayina a ana mazana anayi."

Chitsiriza analuma mlomo kuti asaseke. Anaima kumbuyo kwake, akuyang'ana zala zake. Ndi zala zimenezo zimene zinayamba kumukopa: sizinkathamanga, komanso sizinkabwerera m'mbuyo. Anthu onse m'chipindamo ankayang'ana wotchi; iye yekha ndiye ankayang'ana ntchito.

Kukopera kutatha Dekhani anatsegula tsamba lakuda lodzaza ndi mizere ya timalemba toyera.

"Uyu ndi kaundula," anafotokoza, ngati akulankhula kwa onse koma akuyang'ana Chitsiriza. "Seva imalemba chilichonse chochitika kwa iyo. Ikadwala, usayambe n'kuimwetsa mankhwala. Uyambe waifunsa pamene pakupweteka."

Mizere inkakwera pang'onopang'ono. Kenako chala chake chinaima. Chitsiriza anawerama, ndipo ngakhale sankadziwa chinenero cha makina, mzere umenewo mwana aliyense akanauwerenga. Unali ndi nthawi, 6:52 m'mawa wa tsiku lomwelo. Unali ndi lamulo loika zosintha zonse nthawi imodzi. Ndipo kumapeto kwake kunali dzina la amene analowa n'kupereka lamulolo: ahedi.

Chitsiriza anatsegula pakamwa. Dekhani anatembenuka pang'ono, nam'pukusira mutu mochepa kwambiri, moti wina sakanaona. Kenako anakweza mizere ija, ndipo dzinalo linabisika.

*

"Ndapeza," anatero. "Seva yalandira zosintha zonse pamodzi. Zosinthazo si zoipa ayi, n'zofunika ndithu. Koma m'bokosimu muli mapulogalamu awiri ogwira ntchito limodzi. Wina amalandira alendo pakhomo, wina amakonza masamba m'kati. Wam'katiyo wasinthidwa n'kusamukira chipinda chatsopano, pamene wapakhomo akugogodabe pachitseko chakale. Akagogoda popanda woyankha, mlendo amam'patsa tsamba loyera lija."

"Ndiye umuuze kumene mnzakeyo wasamukira!" anatero ahedi.

"Ndi zimene ndikuchita, bambo."

Anatsegula kabuku kake, nafufuza tsamba limene analemba chaka chatha, nayerekeza mzere ndi mzere ndi fayilo ya malangizo imene inali pa laputopu. Anasintha mzere umodzi wokha. Anauza seva kuti iunike kaye ngati malangizowo ali bwino, ndipo itavomera, anayambitsanso pulogalamu yapakhomo ija.

"Yesa," anauza Chitsiriza.

Chitsiriza anatsegula pa foni. Chithunzi cha sukulu chinatulukira, geti lake ndi mitengo yake.

"Yabwera!" anakuwa. Koma atadina polemba kuti zotsatira, tsamba linangozungulira, n'kutulutsa bokosi lopanda kanthu. Nthawi inali 9:41.

"Nyumba yabwera, katundu wapita," anatero a Masamu, akukonza taye. "Mayina a ana aja ndiye apita basi. Ahedi, ine ndinanena dzulo."

Ahedi anagwira m'mphepete mwa tebulo. Chitsiriza anali asanawaonepo nkhope yotero: sinali nkhope ya mkwiyo, inali ya mantha.

"Dekhani kaye, bambo," anatero mnyamatayo mofatsa. "Mayina alipo. Ngakhale akanasowa muno, ndinawakopera Lachitatu, ali m'chikwamamu."

Anabwerera ku kaundula. Anawerenga, nalemba kanthu m'kabuku, nawerenganso. Mu ofesi foni yapatebulo inayamba kulira; makolo ena anali atayamba kale kuyesa. Chitsiriza sanasunthe.

"Ndi ichi. Nkhokwe yosungira mayina yatsekedwa ndi loko watsopano, ndipo webusaiti ikuyesa kutsegula ndi kiyi wakale."

"Ndiye uthyole lokoyo," anatero ahedi.

"Ndikathyola, aliyense wa kunja angalowe n'kusintha malikisi a mwana wake. Ndipatseni mphindi zochepa ndidule kiyi woyenera."

Mphindi zochepazo Chitsiriza anaziona ngati chaka. Inakwana 9:50. Inakwana 9:55. A Masamu ankawerenga nthawi mokweza ngati wolengeza mpira. Dekhani sanatukule mutu. Thukuta linatsika pachipumi chake mpaka kunsonga ya mphuno, ndipo Chitsiriza, ataiwala kuti bambo ake ali pomwepo, anatulutsa kansalu n'kum'pukuta.

"Yesa."

Belu la sukulu linalira panja. Pa foni ya Chitsiriza mayina anayamba kutsika ngati mvula, motsatira alifabeti, lililonse ndi malikisi ake.

Ahedi anakhala pansi pa bokosi la mabuku akale, napuma mpweya wautali.

*

A Masamu sanafune kuti nkhani ithere pamenepo.

"Zakonzeka, inde. Koma tisabisane. Mwanena nokha kuti makinawa amalemba zonse. Tiwerengereni pano, ahedi amve, kuti chagwetsa webusaiti pa tsiku lalikulu chonchi n'chiyani, ndipo wolakwa ndani."

Pakhomo panali patasonkhana aphunzitsi atatu ndi woyang'anira laibulale. Chitsiriza anayang'ana bambo ake. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Mtima wake unkati: nena, Dekhani, nena! Mzere umodzi wokha ukanam'yeretsa pamaso pa onse.

Dekhani anatseka laputopu pang'onopang'ono.

"Cholakwa chilipo changa," anatero. "Zosinthazo ndinazisiya dala. Ndimafuna ndiziyese kaye pa kompyuta ina, ndidzaziike pa tchuthi, chimodzichimodzi, zotsatira zitatuluka kale. Koma ndinasiya nambala yofiira pamaso pa anthu, osafotokozera aliyense tanthauzo lake. Pasukulu chofiira chimatanthauza kuti wina walephera. Ndinayenera kudziwa zimenezo."

"Mwamva nokha!" anatero a Masamu, akutembenukira anzawo. "Wavomera!"

Ahedi anatsokomola. Anaimirira, nasasa fumbi kumbuyo kwa buluku.

"A Masamu," anatero, "belu lalira kalekale. Ana anu akuphunzitsidwa ndi ndani?"

*

Chitsiriza anamuperekeza mpaka pageti, ndipo sanayambe kulankhula mpaka atadutsa pamene mlonda sakanamva.

"N'chifukwa chiyani sunanene?"

"Ndanena."

"Wanena zako! Dzina lawo linali pomwepo, ndaliona ndi maso angawa. Akhala akukunyoza chaka chathunthu, lero mwayi wapezeka, iwe n'kudzisenzetsa mlandu. A Masamu akayenda nazo sukulu yonse."

"Asiye ayende nazo, achepetseko mimba."

"Sindikuseka."

Dekhani anaima pansi pa mtengo wa pageti, nasuntha chikwama paphewa. "Tamvera. Bambo ako anadzuka m'mamawa kuti akonze chimene ankaona ngati chalakwika pasukulu yawo. Sanafunse, n'zoona, ndipo safunsa anadya phula. Koma phulalo alilawa okha, sakufunika wowauza kuti n'lowawa. Ukufuna ndidzalowe m'nyumba mwanu nditawavula chipewa pamaso pa antchito awo? Ndizidzadya nawo bwanji patebulo limodzi?"

Chitsiriza anamuyang'ana: nsapato zafumbi, shati yonyowa, kabuku kakuda kakusuzumira m'thumba. Anaganiza za amuna onse amene anawamvapo akudzitama pa zochepa, ndi uyu amene anali ndi chifukwa chodzitamira koma n'kuchipinda n'kuchiika m'chikwama.

"Ndiye wati patebulo limodzi," anatero potsiriza. "Wakuitana ndani?"

"Ndikudikira kalata kuchokera kwa mlembi wamkulu."

"Uzidikira choncho. Dekha kaye."

Anaseka onse awiri. Atapita, mtsikanayo anaimabe pageti mpaka chikwama chija chitazimiririka pakona.

*

Masana ana ataweruka, ahedi anamuitana mu ofesi. Pa kompyuta yawo kabwalo kofiira kaja kanali katasowa, koma iwo ankayang'anabe pakona pomwepo.

"Tseka chitseko. Khala pansi."

Anakhala.

"Unaona," anatero. Silinali funso.

"Ndinaona, ababa."

Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza ana kuti awerenge funso lonse asanayankhe." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Mnyamata uja ali ndi mutu. Ndipo ali ndi china choposa mutu. Analeredwa."

Chitsiriza anatukula mutu. Chiyambire, aka kanali koyamba kuti asamutche wamawaya.

"Tenga laputopu yako, ulembe kalata."

Anathamanga kukaitenga, nabwera akupuma mofulumira. Ahedi anayamba kuyendayenda manja ali kumbuyo, monga ankachitira popereka mawu oti ana alembe.

"Lemba kuti sukulu ino, pokhutira ndi luso ndi khalidwe lake, ikum'patsa ntchito yokhazikika yoyang'anira makompyuta onse, kuyambira Lolemba likubwerali. Akhala ndi ofesi yake. Chikwama chija achipachike pakhoma."

Zala za Chitsiriza zinkavina. Ntchito yokhazikika! Chinthu chokhacho chimene bambo ake ankamunenera kuti alibe, lero akum'patsa ndi manja awo. Anaona kale amayi ake akuyala nsalu yatsopano patebulo.

"Wamaliza? Tsopano ndime yachiwiri. Lemba kuti, monga wantchito aliyense, adzatsatira malamulo onse a sukulu, makamaka lamulo lachisanu ndi chinayi. Ulilembe lonse, asadzati sanalione."

Zala zinaima. Malamulowo ankawadziwa pamtima, popeza ndi iye ankawasindikiza chaka ndi chaka. Lachisanu ndi chinayi linkati wantchito wa pasukulupo saloledwa kukhala paubwenzi ndi wantchito mnzake, ndipo wopezeka akutero adzachotsedwa.

"Ababa," anatero motsitsa, "inenso ndine wantchito pano."

"Ndikudziwa. Ndinakulemba ndine."

"Nanga a Masamu? Paja mumafuna kuti ine ndi iwo..."

"A Masamu akanati akukwatire, iwe ukanasiya ntchito n'kukhala pakhomo. Tinakambirana kale ndi amayi ako. Koma uyu ndi nkhani ina." Anaima pazenera, atam'fulatira. "Seva yanga ndingam'patse lero lomwe, ndagona nayo mtima pansi. Koma mwana si seva. Iye mwini wanena kuti chinthu chatsopano umayamba wachiyesa pambali usanachilowetse m'nyumba. Ndaphunzira. Agwire ntchito pamaso panga zaka ziwiri, asakuyankhule zina koma za ntchito. Akakana kalatayi, ndidziwa kuti ntchito yokhazikika saifuna. Akasayina n'kuphwanya lamulo, ndidziwa kuti mawu ake ndi mphepo."

"Zaka ziwiri, ababa?"

"Lemba, mwanawe. Ndam'tumizira kale uthenga kuti abwere mawa m'mawa."

Analemba. Chilembo chilichonse chinkalemera ngati mwala. Makina osindikizira analira pakona, natulutsa pepala lofunda, ndipo ahedi anasayina ndi cholembera chawo chofiira, popeza china analibe pafupi.

Chitsiriza anapinda kalatayo, naiika mu envulopu. Asanamate, foni inanjenjemera m'thumba mwake.

"Mlembi wamkulu! Bambo ako anditumizira uthenga okha, ndi dzanja lawo. Akuti ndibwere mawa, ali ndi nkhani yabwino. Ukudziwapo kanthu? Ndivale shati iti, yoyera kapena yabuluu ija umaikonda?"

Anayang'ana uthengawo, nayang'ana envulopu. Analemba kuti "Dekha kaye," koma chala chake chinakana kutumiza.